Mkamwini Wothawa Khasu

A Jailosi a kwa Mponda sankachita kanthu asanadzifunse kuti, "Nanga ine ndipezapo chiyani?" Sanali munthu woipa ayi. Kutchalitchi sankajomba, pamaliro ankafika msanga ndipo manda ankakumba nawo, kungoti ankasankha mbali yofewa.

Ntchito ya usodzi anaikana ali mnyamata. Ankati wopha usipa amanyowa, amene amadya bwino ndi wogulitsa. Choncho ankagula usipa wouma, n'kuumanga panjinga, ulendo wokwera mapiri kukagulitsa ku Chiponde.

Anzawo onse anakwatira, iwo ali chikhalire. Chimene ankaopa ndi chikamwini.

"Ine ndikakhale kwa mkazi, tambala akalira ndili m'munda wa apongozi? Chimanga chake n'kulowa m'nkhokwe ya eni? Pepani," ankatero.

Kenaka nkhondo ya ku Mozambiki inakula, anthu n'kukhamukira kuno ndi mitolo pamutu. Pakati pawo panali Leticia, mtsikana wamtali wosalankhulalankhula, amene ankabwera kudzasinthitsa mafuta ophikira olandira kwa achithandizo ndi usipa. Ankagwedeza mbale mpaka usipa utakhazikika, n'kuwauza kuti awonjezere. A Jailosi anali asanaonepo munthu wowaposa pamalonda, ndipo anakopeka naye.

Anakafotokozera mnzawo Willard, wokonza njinga pamsika.

"Achimwene, taganizani bwino. Munda kuno alibe. Apongozi anatsala kutsidya, kaya ali moyo. Malume wake sindinamuonepo. Mwezi ukatha galimoto ikubweretsa ufa, nandolo ndi mafuta. Ukwati wotere munauonapo kuti?"

"Nanga kumukonda mukumukonda?" anafunsa Willard.

"Imeneyo ndi basela."

Ukwati anadalitsa kutchalitchi, ankhoswe akuchikazi ali obwereka kwa oyandikana nawo. Anamanga kanyumba ku Chiponde komweko, kunabadwa mwana, dzina lake Davide. A Jailosi ananenepa, ndipo ankapereka moni mokweza kwa amuna anzawo opita kumunda.

Mulungu anamva mapemphero, nkhondo inatha. Galimoto za ufa zinayamba kubwera patalipatali. Mmawa wina panafika mkulu wina wa jekete long'ambika, Leticia n'kumugwera m'miyendo akulira. Anali malume ake, a Eduardo.

"Amayi ako ali moyo," anatero mkuluyo atamwa madzi. "Koma munda wamera mitengo yofika m'khosi. Ndiye ndadzatenga iwe ndi mkamwini wathu. Ndi awa? Eee, ali ndi thupi ndithu, zitsa zija zaona mwini wake."

A Jailosi anatsokomola. "Malume, ine malonda anga ali kuno. Sindingasamuke."

Leticia sanakangane nawo. "Palibe kanthu, bambo a Davide. Tsalani ndi malonda. Mwanayu mukudziwa kale kuti ndi wa kwathu." Anayamba kumanga miphika m'chitenje.

Tsiku lonse a Jailosi anakhala akupukuta njinga yoyera kale. Akayeza mbali iyi, kutsala kunali ndi phindu. Akayeza mbali inayo, kunali khasu, nkhwangwa ndi apongozi amoyo. Nzeru zonse zinkati atsale. Koma Davide ankangowakwera pamsana n'kumawakoka makutu.

Kutacha anatulukira kwa Willard, njinga italemedwa ndi thumba la mchere, dengu la usipa ndi mphasa.

"Ndipopereniko, achimwene, ulendo ndi wautali."

"Mukupita kukalima, eti?"

"Kulima kwa chiyani? Inu simuona patali. Kutsidyako mchere kulibe, usipa anauiwala kukoma kwake. Munthu wa njinga kumeneko ndi bwana. Woyamba kufika ndiye adye."

"Ndiye ndi malonda basi?"

"Malonda okhaokha."

"Nanga m'masomo mwatani?"

"Ndi fumbi la pa Chiponde ili. Popani, musandichedwetse."

Atafika kutsidyako, mcherewo unatha sabata yomweyo, wambiri apongozi atagawira abale. Njinga inasanduka yopitira kuchigayo. A Jailosi anazula zitsa mpaka mimba inaphwa, ndipo anaonjeza ana ena anayi.

Mpaka imvi zinamera, ankawolokabe malire kudzagulitsa chimanga ku Chiponde, ndipo aliyense wowafunsa ankamuuza kuti iwo anaona kale kuti phindu lili kutsidya. Leticia akamva ankangomwetulira, n'kunena kuti, "Malizani nkhaniyo, bambo a Davide, tizipita. Mawa tikupalira."