Chimbudzi cha Nyumba Zanga za Lendi Chinameza Munthu

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu ayi, inachitika pakhomo panga penipeni, ine ndikuona ndi maso angawa, ndipo amene ankakhala pa boma la Ntcheu zaka zimenezo akhoza kuikumbuka ngakhale sinditchula dzina la wina aliyense. Ndakhala nayo chete nthawi yaitali, moti ngakhale ndi akazi anga sitiikamba.

Ine ndine mlimi wa kachewere, kwathu ndi kumapiri uko, ndipo chaka china nditakolola bwino ndinagula puloti pa boma n'kumanga mdadada wa zitseko zinayi, kutsogolo kwake n'kumanga nyumba yanga yokhalamo. Anthu amaona ngati ulandilodi ndi kungokhala pakhonde n'kumadya zofewa, koma kodi amadziwa kuti denga likadontha amagogoda kwa iwe, mpopi ukauma amagogoda kwa iwe, ana a chitseko ichi akamenyana ndi a chitseko icho mlandu umabwera kwa iwe? Umafika potopa, moti munthu akamabwera ndi dandaulo umayamba kuvomera asanamalize n'kulankhula komwe, kuti angochoka.

Mabanja anayi onsewo ankagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi chokumba. Dzenje lake linali lakuya ndithu, koma m'kati sindinamangiremo njerwa chifukwa mmisiri anandiuza kuti dothi la pamenepo ndi lolimba, ndipo ine ndinakondwa kumva zimenezo. Pambali pake ndinamangapo bafa, madzi ake n'kumalowa pansi chapompo tsiku ndi tsiku.

Ku chitseko cha kumapeto kunkakhala banja lina la Chisilamu lochokera ku Manjawira, bamboyo anali ndi kagolosale pafupi ndi msika, mayiyo anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo nthawi imeneyo anali woyembekezera mwana wawo woyamba. Mayiyu ndi amene anabwera poyamba, anagwada pakhonde panga n'kundiuza kuti silabu ya m'chimbudzi yang'aluka ndipo ukapondapo ikumveka ngati pansi palibe kanthu. Ndinati ndamva. Atabweranso ndinapita kukaona, mng'alu wake chala chimalowa, ndiye ndinatenga matabwa awiri n'kuyala pamwamba, n'kunena kuti tidzakonza mvula ikatha chifukwa simenti siuma bwino m'dzinja. Kachitatu anabwera amuna awo, mwaulemu kwambiri, n'kunena kuti khoma nalo layamba kupendama. Ine ndinaseka, ndinawauza kuti chimbudzi chimenecho chaona madzinja ambiri, sichingagwe chaka chino.

Kenaka kunagwa mvumbi wa masiku anayi. Tsiku lachisanu m'mawa kunacha bwino, dzuwa linatuluka, amayi anayamba kuyanika zovala, ine ndinali pakhonde kusankha mbewu ya kachewere. Ndinamva phokoso, silinali lalikulu ayi, linali ngati munthu watula thumba la chimanga. Nditazungulira kuseri ndinapeza kuti pamene panali chimbudzi palibe chimbudzi, pali malata okha atagona pansi. Mukudziwa chimene chinabwera m'mutu mwanga? Ndinaganiza zoti malatawo akadali abwino, sanapindike. Mpaka lero sindimvetsa kuti mutu wa munthu umayenda bwanji. Ndiye mayi a chitseko chachiwiri anakuwa kuti mayi oyembekezera aja ali momwemo, anawaona akulowa.

Anthu anathamangira, akalipentala a puloti yoyandikana nafe, anyamata a kabaza, amayi ogulitsa tomato. Atachotsa malata ndinasuzumira. Fungo lake sindinena. Pansi, mu mdima, ndinaona mutu ndi mkono umodzi, thupi lonse mpaka pachifuwa lili m'zonyansa. Silabu inali itathyoka pawiri, chibenthu chimodzi chitapita pansi, china chitakakamira chopendama pamwamba pa mutu wawo, chitasenza njerwa za khoma. Sankakuwa, ankangopemphera chapansipansi. Atandiona anakweza maso n'kunena kuti, “Bambo, musaponde pamenepo, pakugumuka.”

Ndinabwerera m'mbuyo monga anandiuzira. Zinalidi zoona, aliyense akayandikira dothi limagumukira pa iwo, ndiye kalipentala wina wachikulire anagoneka makwerero mopingasa dzenje, n'kugona chafufumimba pamwamba pake, n'kutsitsa chingwe. Koma akanadzimanga bwanji ndi mkono umodzi, winawo utapanikizidwa? Kalipentalayo anati pakufunika munthu alowe. Anthu onse anayang'ana ine, mwini puloti, ndipo ine ndinawayang'ananso. Ndinkamva zonse, ndinkadziwa kuti akudikira ine, koma sindinasunthe, mantha enieni sindinkawamva, mumtima sindinkamva chilichonse.

Amuna a mayiyo anafika akuthamanga kuchokera kumsika. Sanafunse funso, sanandiyang'ane, anavula nsapato, anazisanjika bwinobwino pambali, anadzimanga chingwe m'chiuno n'kutsika, akudutsa pansi pa chibenthu cha silabu chija. Wina anandipatsira chingwe m'manja, ine n'kugwira limodzi ndi anthu ena. Bamboyo ankachotsa njerwa imodziimodzi n'kumaika mu ndowa, ife n'kumakoka, ndowa kutsika, ndowa kukwera, ndipo nthawi yonseyo tinkamva akulankhula ndi akazi awo motsitsa mawu, ngati ali m'nyumba mwawo. Dzuwa linafika pamutu tikadali pomwepo. Pomaliza anafuula kuti kokani pang'onopang'ono, ndipo mayiyo anatuluka, mwendo umodzi ukulendewera mosakhala bwino, kenaka tinakoka bamboyo. Amayi anawatchinga ndi zitenje n'kumawathira madzi. Pamene tinkawakweza m'galimoto yopita kuchipatala, chibenthu chija chinagwera m'dzenje ndi njerwa zake zonse, ndipo palibe amene anatembenuka.

Galimoto itachoka mnyamata wina wa kabaza anakuwa kuti landilodiyu amenyedwe, mayiwa ankamuuza. Anthu anandizungulira, ine ndinangoima kudikira, ndipo kunena zoona ndikanakonda akanandimenya, mwina ndikanamva kanthu. Kalipentala uja ndi amene anawabalalitsa. Madzulo akazi anga anandifunsa kuti m'manjamu mwatani, ndi pamene ndinaona kuti chingwe chinandisupula zikhatho zonse.

Mayiyo anapulumuka, koma mwendo unathyoka ndipo anapita padera usiku womwewo. Apolisi anandiitana, ndinafotokoza zonse, za matabwa zomwe, koma amuna a mayiyo anakawauza kuti iwo alibe mlandu ndi munthu, azisiya m'manja mwa Mulungu. Tinapita kukazonda kuchipatala ndi akazi anga, iwo analowa, ine ndinathera pakhomo la wodi. Bamboyo anatuluka, anandipatsa moni wa manja awiri, anandifunsa kuti kunyumba kwacha bwanji. Ndinayankha kuti kwacha bwino.

Patapita masabata awiri bamboyo anabwera ndi galimoto kudzatenga katundu, anasesa m'nyumba monse, anakolopa, n'kubwera kudzandipatsa kiyi. Dzenje lija linali likadali chitsegukire, chifukwa masiku onsewo ndinali ndisanapondeko kuseri, mabanja enawo ankapempha chimbudzi kwa oyandikana nawo. Bamboyo anandiuza kuti ali ndi pempho limodzi lokha, kuti ndikwirire dzenjelo lero lomwe, pakhomo pano pali ana a anthu ena. Ndinatenga fosholo iwo asanadutse pageti, ndinakwirira ndekha, wilibala ndi wilibala, masiku atatu, osalola munthu kundithandiza.

Mbiri inayenda pa boma kuti ndinakhwimira nyumbazo, kuti khanda lija ndinalipereka ine kuti ndilemere. Mabanja awiri anasamuka, kutchalitchi anthu anayamba kundisiyira benchi yonse ndekha. Sindinatsutse, sindinakwiye, ndinkangodzuka, kudya, kugona. Zaka zingapo zitadutsa ndinaima pa Manjawira ndi matumba anga a kachewere, ndipo ndinawaona mayi aja tsidya la msewu akuyenda motsimphina, atanyamula ndowa ya madzi, kumbuyo kulibe mwana. Mwina anamusiya kunyumba, mwina sanadzakhalenso naye, sindikudziwa, chifukwa sindinaoloke kukafunsa.

Zoti ndinakhwima si zoona, ndipo nthawi zina ndimalakalaka zikanakhala zoona, chifukwa ufiti umakhala ndi sing'anga wokausula. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'choti panalibe mfiti, panalibe tsoka, panalibe ngakhale mvula yoti ndiinamizire, panali ine ndekha amene ndinauzidwa n'kumva bwinobwino, koma n'kusankha kudikira chilimwe. Inu amene muli ndi nyumba za lendi, munthu akagogoda kudzakuuzani kuti penapake pang'aluka, siyani chimene mukuchita mukaone, ndipo ngati simungakonze lero khomani chitsekocho ndi misomali anthu akutukwaneni. Inunso amene mukuchita lendi, ulemu usakupheni. Mukanena koyamba osamveka, kuwani mpaka oyandikana nanu atuluke, chifukwa landilodi amene akukuyankhani kuti wamva, iye m'chimbudzimo salowamo, ali ndi chake.