Makiyi Anawasiya kwa Nyalongwe

Inu owerenga, ine nsanje inandipusitsa mpaka ndinawononga ndi manja angawa chinthu chimene amuna anga ankachikonda kwambiri. Ndikufotokoza izi kuti mayi wina asadzapse mtima n'kuchita zimene ndinachita ine.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa kufupi ndi Chintheche. Amuna anga ali ndi galimoto yakalekale, yobiriwira, yamphuno yaitali, imene malemu bambo awo anabwera nayo pochokera ku Halale. Siinkayenda tsiku ndi tsiku ayi. Inkatuluka nyengo ya maukwati kukanyamula akwati, anthu n'kumatsika panjinga kuti aione bwino. Mwera ukayamba kuwomba ndi kamvula kake kowaza kaja, ankaitsekera m'nyumba, chifukwa chinyezi chakunyanja kuno chimadya chitsulo ngati chiswe.

Pakhomo pathu palibe galaja. Ndiye galimotoyo inkasungidwa m'galaja ya Nyalongwe, mayi wamasiye amene malemu amuna ake anali mnzawo wa amuna anga. Loweruka lililonse amuna anga ankasamba, kupesa, kudzola, n'kunditsanzika kuti akukatenthetsa injini. Mawu amenewo ankandibaya. Injini yake iti yofuna munthu wopesa? Pobwera ankalowa akuimba kanyimbo, nthawi zina atanyamula mbatata yootcha, ati apatsidwa. Ndipo Nyalongweyo ndi mayi woti chitenje chilichonse chimamukhala, amathanso kuyendetsa galimoto, pamene ine ngakhale njinga imandigwetsa.

Chaka china, chisanu chitangoyamba, achimwene awo anadwala kwambiri ku Mzuzu, ndipo amuna anga anapita kukawadwazika. Atachoka ndinafunafuna makiyi a galimoto m'nyumba monse koma osawapeza. Nditaimba foni anandiyankha mosavutika kuti awasiya kwa Nyalongwe, aziiliza Loweruka lililonse. Ine mkazi wa ukwati wa kutchalitchi ndili pano, makiyi ali m'manja mwa mkazi wina. Tsiku limenelo chakudya sichinandilowe.

Mawa lake ndinapempha asodzi amene anali kusoka maukonde, popeza mwera unawaletsa kulowa m'madzi, kuti andiperekeze. Nyalongwe anatilandira bwinobwino ndi moni wawo uja wa "Mwayuka uli, ama?" Ine moniwo sindinayankhe. Ndinangoti ndabwera kudzatenga katundu wa banja langa.

Anandipatsa makiyi. "Tengani, ama, ndi yanu. Koma musaikute ndi pulasitiki, ndipo mawindo muzisiya otsegula pang'ono kuti izipuma."

Kwa ine zinamveka ngati akundiphunzitsa kusamala mwamuna wanga. Asodzi aja anaitsitsa pa zitsa zimene inakhazikidwapo, n'kuikankha mpaka kwathu. Ndinaiimika pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi thandala loyanikapo chinangwa. Ndipo mwadala ndinachita zosiyana ndi zonse zimene Nyalongwe ananena. Mawindo ndinatseka kuti thithithi, ndinaikulunga yonse ndi chipulasitiki chakuda, n'kumanga ndi zingwe. Ndinkati akadutsa pamsewu asaone ngakhale tayala.

Amuna anga sindinawauze. Pambuyo pake ndinamva kuti Nyalongwe nayenso anakhala chete, posafuna kusautsa munthu amene ali pa matenda. Chisanu chonse chinatha galimoto ili chikutire, masana dzuwa, m'mawa mame ndi kamvula, ine mtima uli m'malo kuti ndapambana.

Achimwene awo atapezako bwino, amuna anga anabwerera. Anaima pabwalo chikwama chili m'manja, akuyang'ana chimulu chakudacho. Anamasula zingwe okha. Fungo limene linatuluka, inu owerenga, sindidzaliiwala. Mipando yachikopa ija inayera ndi chuku. Penti inafufuma, pansi pake dzimbiri lokhalokha. Makoswe amene ankabwerera chinangwa anapeza nyumba yofunda, anaboola mipando, anatafuna mawaya onse, mpaka kuswerana m'kati mwa injini. Makaniko amene anadzaiona anangopukusa mutu, nati zipangizo za galimoto zoterezi masiku ano sizipezekanso.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Iwo anangosisita chitseko n'kunena motsitsa mawu, "Bambo anga anaiyendetsa kuchokera ku Halale osaikanda n'komwe. Mwapeza chimene mumafuna?"

Ndinene zoona, mpaka lero sindidziwa ngati pakati pa amuna anga ndi Nyalongwe panali kanthu. Ndikakumana ndi Nyalongwe pamsika, pamtima pamandiwotchabe. Koma umboni ndinalibe, ndipo sindinakhalepo pansi n'kuwafunsa amuna anga maso ndi maso, kapena kuwapempha kuti tizipita limodzi. Ndinasankha kulanga chinthu chosalankhula, chimene chinali chikumbutso chokhacho cha bambo awo.

Amayi anzanga, mtima ukakuwawani funsani, ngakhale mawu atuluke monjenjemera. Musakane malangizo abwino chifukwa chodana ndi pakamwa pomwe achokera, ndipo chimene simudziwa kasungidwe kake musachilande. Ine ndinkafuna mwamuna wanga azikhala pakhomo. Akukhaladi, sapitanso kulikonse. Amakhala m'galimotomo pampando wobooka uja chitseko chili chotsegula, ndikawapititsira tiyi amati "yewo" ngati akuthokoza mlendo, ndipo chiyambire tsiku lija sanasekepo nane.