Khadi langa likuti ndine wakhungu, chonsecho chipeso ndinachiona

Andilemba kuti diso langa ndi lakufa. Ine amene, wa ku Zingalume kuno, amene ndikuona dzanja la mwana wanga Esinati likulemba mawu anowa pafoni!

Imvani. Dzinja la chaka chatha anandichotsa ng'ala kudiso lamanzere, ndinaona mpaka nyerere. Lamanja linafa kale. Chaka chino nkhungu yabwerera kulamanzere kuja. Kuchipatala chathu chaching'ono anati musalire ambuya, Lachinayi kuboma kukubwera madokotala a maso ndi makina a leza. Akuti kuwala kokha, popanda mpeni, mphindi zisanu nkhungu yonse mbee.

Tinakwera ngolo tambala atangolira. Seveni koloko tili pamzere, ine nambala folotini. Pakhomo anati operekeza akhale panja. Esinati anatsala pansi pa mtengo.

Mkatimo munali kamtsikana ka yunifomu yoyera, foni kudzanja. Kanandiimika moyang'ana bolodi la zilembo, akuti werengani. Ndinati mwanawe, ine pakhomo la sukulu ndinkangodutsa ndi mtolo wa nkhuni. Akuti chabwino, chachikulu chapamwambacho. Ndinati ndikuchiona bwinobwino, chili ngati chipeso cha mano atatu, koma dzina lake sindilidziwa. Chapansi pake? Ngati mpini wa khasu wopindika. Kanapumira m'mwamba, kanalemba pakhadi langa, osandiyang'ana n'komwe. Akuti kakhaleni pabenchi.

Ndinakhala. Teni koloko. Thwelofu. Anzanga akulowa akupapasa khoma, akutuluka akuseka. Nambala fifitini analowa. Twente analowa. Ine pabenchi pomwepo, ngati chitsa.

Thuu koloko Esinati analowa mokakamiza n'kutenga khadi. Anandiwerengera: “Amayi, alemba kuti simuona ngakhale chilembo chachikulu. Akuti diso silingathandizike.”

Ndinadzuka ine. Ndinakapeza kamtsikana kaja. Ndinati iwe, zikhadabo zako wapaka zofiira, cha chala chapakati utoto wasupuka. Wakhungu angakuuze zimenezo? Anthu pabenchi anaseka. Iko akuti khadi silifufutidwa, ambuya. Ndinati ndionetse adokotala. Akuti adokotala amatsata zolembedwa, ndipo mayina a lero atsekedwa. Ndinati ndiyesenso ndi zala, ndiwerenge. Akuti nthawi yoyeza inatha m'mawa.

Folo koloko makina ananyamulidwa ndi amuna awiri, ine ndikuona. Ndikuona! Anawakweza m'galimoto, fumbi kobo.

Akuti kayambireninso kwanu, akakupatseni kalata ina. Lolemba ndinapita kuchipatala chathu chija. Kukhoma kuli chiyani? Bolodi lomwelo. Anesi athu amandidziwa, anagwira pakamwa. Akuti bolodi la anthu osawerenga, lija umangoloza ndi dzanja kumene miyendo ya chilembo yayang'ana, linadyedwa ndi chiswe. Ndipo iwo sangatsutse khadi la akuboma. Kuboma akuti kwanu, kwathu akuti kuboma. Ndilowere kuti?

Ndifunse. Makina ajawa amachiza diso kapena amachiza sukulu? Amene bambo ake anamukaniza kuphunzira, alangidwe kawiri? Pabolodipo simungajambule nkhuku, mbuzi, khasu? Mundione ngati ndingaphonye ngakhale chimodzi.

Mvula yayandikira. Mbewu ya nsawa pabanja pano ndimasankha ndine, yofumbwa uku, yabwino uku. Dzulo ndasakaniza. Esinati anabwereza mwakachetechete kuti ndisadziwe, koma makutu ndili nawo. Kudimba sindipitanso ndekha. Dziko langa latsala khonde ndi chimbudzi. Nkhungu ikukula, ndipo bodza la pakhadi lija tsiku ndi tsiku likusanduka zoona.

Anzanga a ku Zemba ndi ku Pembamoyo, akadzati operekeza panja, kanani. Gwirani chitenje cha mwana wanu mpaka mkati. Khadi lisachoke m'manja wina asanakuwerengereni.

Inu a maso, mubwera liti? Khadi mukonza ndani? Ine, ndi imvi zangazi, ndayamba sukulu. Esinati amandijambulira zilembo pamchenga, zazikulu ngati lichero. Ndadziwa zinayi. Chipeso chija dzina lake ndi E.

Bwerani mudzandifunsenso, ndisanaleke kuchiona.