Phewa la apongozi anga

Ntchito yanga yoyamba ya pamwezi ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Ndinkagulitsa mabuku akale pafupi ndi siteji ya minibasi ku Area 23, ndipo poti ogula ankasowa, katundu wangayo ndinkangomuwerenga ndekha. Panali buku lina lokhuthala, lopanda chikuto, la zithunzi za mafupa ndi minofu ya munthu. Tsiku lina mayi wina analitola n'kuyamba kulivundukula, ine n'kuyamba kuwafotokozera za msana ngati ndinaupanga ndine. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandiuza kuti iwo ndi Mayi Kamwendo, ali ndi kachipatala ka mafizo kuseri kwa msika, ndipo akufuna wothandiza. Bukulo sanagule.

Mayi Kamwendo anaphunzira luso lowongola thupi ndi manja. Kwa iwo kunkabwera a kabaza odandaula chiuno, osoka zovala ouma khosi, amayi amene msana unawagwira posenza chidebe. Zida zinali zochepa: bedi lalitali lolimba, mabotolo a labala othiramo madzi otentha, mafuta opaka, ndodo ya tsache, ndi chingwe chodutsa pa kagudumu kudenga chimene wodwala amakokera mkono wake m'mwamba. Ine, katswiri wa mafupa uja, ndinayamba ndi kukolopa ndi kuchapa mataulo.

Patapita miyezi anayamba kundiphunzitsa kugwira munthu. Umayamba wafunsa kuti ululu unayamba liti, umakula akamatani, usiku amagona bwanji. Kenako umatenthetsa manja ako, n'kupempha chilolezo usanamukhudze. Likakhala phewa, dzanja limodzi limapanikiza fupa lakumbuyo kuti lisathawe, linalo limagwira pachigongono n'kukweza mkono pang'onopang'ono mpaka pomwe wayamba kukana. Pamenepo umaima. Ndipo maso ako asachoke pankhope ya wodwala.

“Munthu wa kuno sanena kuti zikuwawa,” ankatero. “Nkhope ndiyo imanena.”

Sabata ina Mayi Kamwendo anagwa panjinga yamoto, dzanja lawo lamanja n'kulowa m'pulasitala. Odwala anaseka nawo, koma ntchito sinaime: iwo anakhala maso ndi pakamwa, ine manja.

M'sabata yomweyo, m'mawa ndikukonza bedi, katani inasuntha ndipo analowa apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga.

Apongozi anga ndi a ku Ntcheu. Amakhala ku Chigwirizano komwe amagulitsa tomato, koma tauni sinawasinthe. Chikwatire mwana wawo Esinati, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira iwo ankapatuka, ine n'kupeza chochita ndi zingwe za nsapato. Moni tinkapatsana cham'mbali, aliyense akulankhula ndi mpanda. Tsopano phewa lawo lamanja linali litauma kwa miyezi, moti sankathanso kudzitwika dengu ngakhale kumanga duku okha. Kumsika anali atasiya kupita. Esinati ndiye anawatumiza, poganiza kuti akawagwira ndi Mayi Kamwendo. Za pulasitala ndinali ndisanamuuze.

Mawu amodzi akanatha zonse. Koma ine ndinaopa kuoneka ngati ndikukana ntchito, iwonso anaopa kundichititsa manyazi pamaso pa abwana anga. Mayi Kamwendo anawafunsa mafunso, anandiuza kuyika botolo lotentha paphewa, kenako anapita kuseri kwa katani kukaona wodwala wina amene ankakoka chingwe.

Chilolezo ndinapempha kukhoma. Manja anga anali ozizira ndi thukuta. Ndinagwira mkono wawo nditaima patali ngati wopalira moto, maso anga ali pa chithunzi cha mafupa chomwe chinali pakhoma. Iwo anayang'ana khoma linalo. Ndinayamba kukweza. Mkono unakana, ndipo manja anga anamva ndithu kuti wakana, koma mtima unali pa kumaliza msanga.

“Zikuwawa, Amayi?” ndinafunsa chithunzicho.

“Ayi, zili bwino,” anayankha khoma.

Ndinakwezanso. Buku lija linkati mkono wa munthu umafika pakhutu.

Sindinamve pomwe Mayi Kamwendo anabwerera. Ndinangomva mawu otsika kumbuyo kwanga akuti nditsitse mkonowo pang'onopang'ono, kenako ndiyang'ane wodwala wanga. Ndinayang'ana. Nkhope ya apongozi anga, imene ndinkaiona bwinobwino koyamba, inali yonyowa ndi misozi mpaka kuchibwano, mlomo ataulumiratu. Sanabuule n'kamodzi komwe.

Sindinayambe ndalakalaka kulowa pansi pa bedi ngati tsiku limenelo. Mayi Kamwendo anafunsa kuti kodi pakhomapo pali chiyani, ndipo amene anayankha ndi apongozi, cha pansipansi, kuti ndine mkamwini wawo. Mayi Kamwendo sanaseke. Anati mwambo akuudziwa, nawonso ali ndi akamwini, koma dzanja lawo lichedwa kutuluka m'pulasitala, ndipo phewa likasiyidwa limaumirabe. Anawasiyira apongozi kuti asankhe: kudikira, kupita kwina, kapena kupitiriza ndi ine.

Tsiku limenelo tinalekera pomwepo. Phewa linawawa koposa kale kwa masiku angapo, ndipo kunyumba Esinati ankandipatsa chakudya osandifunsa kuti kuntchito kunali bwanji. Ndinkaganiza kuti sabweranso. Ndinayamba kuwerengera zobwerera ku mabuku anga, amene sakhetsa misozi.

Sabata yotsatira anabwera. Anakhala pabedi, anakonza chitenje, n'kulankhula akuyang'ana pansi, akunditchula ndi dzina la mwana wathu.

“Bambo a Tiyamike, muno si kwathu. Muno muzindiyang'ana. Tikatuluka tidzabwerera zakale.”

Ndinawayang'ana. Ndinaphunzira kuti iwo ululu ukayamba chikope chakumanzere chimanjenjemera, ndipo pamenepo ndinkaima, kudikira kuti apume, n'kubwerera pang'ono. Ankakwawitsa zala pakhoma, ankakweza ndodo ya tsache, ndipo mkono unkakwera pang'ono sabata iliyonse. Manyazi sanathe. Makutu ankanditentha nthawi yonse. Ndinangozolowera kugwira ntchito ali pomwepo.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo ndikuphunzirabe. Achinyamata akandifunsa zofunika, ndimawauza kuti mayina a mafupa aloweze, manja akhale odekha, mafunso azifunsa. Koma ndimawauzanso kuti amene sangathe kuyang'ana munthu kumaso asamugwire mkono.

Tsiku lawo lomaliza kuchipatalako apongozi anavula duku pamaso pathu, anakweza manja onse awiri n'kulimanganso okha kumbuyo kwa mutu. Anathokoza Mayi Kamwendo, n'kutuluka. Masana ake ndinakumana nawo pafupi ndi siteji, dengu la tomato lili pamutu, dzanja lamanja litaligwirira m'mwamba. Atandiona anapatukira m'mbali mwa ngalande. Ine ndinawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato.