Masamba Amene Amalume Anadula

Ndikamva fungo la nkhuni za paini m'nyengo ya chiperoni, ndimaona amalume atakhala pakhonde ku Zakazaka, Baibulo la mayi anga lili pamwendo, lumo lili m'manja. Nkhungu inali itatsika m'phiri mpaka kukwirira madenga, ine nditangotula mtolo wochokera ku Mulunguzi, zala zili gwa ndi kuzizira.

Mayi anali Mkatolika. Akudwala ankandiwerengera nkhani ya Tobiti, nkhalamba imene inachita khungu zitosi za mbalame zitaigwera m'maso, ndi mwana wake amene anayenda ulendo wautali limodzi ndi galu. Ine, kunena zoona, ndinkatsatira galuyo. Tinafika pamene mnyamatayo anasunga ndulu ya nsomba yoti akapake bambo ake m'maso, mayi n'kutisiya. Amalume, mkulu wa mpingo wina, ananditenga ine ndi Baibulolo.

Anadula mwaluso ngati telala: Tobiti, Yuditi, Amakabeo, onse. "Awa ndi owonjezera, mphwanga. Ayuda, eni malemba, sanawawerengere." Ndinapempha kuti angondisiyira kumapeto kwa Tobiti kokha. Anati akunditeteza, ndipo masambawo anakayatsira mbaula.

Mtima umandiwirabe. Amalume anali asanaonepo Myuda, ndipo Lamulungu lililonse ankalalikira kuti Ayudawo sanamvetse malemba awo omwe. Koma tsiku limenelo anaitana Ayuda omwewo kudzachita umboni pa katundu wa mwana wamasiye. Inali nthawi imene tauni yonse inkafuula za ufulu wosankha, nsalu za zipani zili mbwee mumsika, koma ine palibe anandifunsa.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndakula ndikuwerenga chilichonse, ngakhale nyuzi yokulungira usipa. Ndinadzadziwa kuti amalume sananame: mabukuwo mulibedi m'malemba a Chiheberi, ndipo mipingo yakhala ikukangana za iwo kuyambira kalekale. Komatu ambiri mwa owakanawo ankanena kuti ndi abwino kuwerenga. Lumo linali nzeru za amalume okha.

Ndinayenda ndi nkhalamba yakhungu m'mutu mpaka ndevu zitamera, pamene mnzanga wa kuntchito, Mkatolika, anandibwereka Baibulo lake. Ndinawerenga chiimirire. Nkhalamba ija inapenya. Ndinayenera kuzimva m'mawu a mayi anga, kapena pa tsamba limene zala zawo zinagwira. Amalume anamwalira akukhulupirira kuti anandipulumutsa, ndipo pa maliro awo ndinaimba nawo nyimbo zonse, koma sindinalire.