Matepi Opanda Phokoso a Delbert Tull

Mumzinda wa Macon ku America, aliyense wokonda nyimbo ankadziwa kuti matepi abwino ali kwa Delbert Tull, makaniko wa mathirakitala. Gulu lina loimba la anyamata a tsitsi lalitali ndi magitala atatu likamakaimba kulikonse mu Georgia kapena ku Alabama, Delbert ankatseka galaja n'kunyamuka ndi mkazi wake Wynelle, makina ojambulira mawu ali m'chikwama.

Anthu akamavina, iye ankangoima njo ngati mtengo, maikolofoni ili m'mwamba. Ojambula anzake ankamutama chifukwa m'matepi ake simunkamveka ngakhale munthu wotsokomola. Koma Wynelle nyimbo ikamufika pamtima, ankaimba nawo mokweza.

"Shh! Ukundiwonongera tepi iwe," ankatero Delbert, uku akumugunda ndi chigongono.

"Kodi bambo inu, tabwera kudansi kapena kumaliro?" ankayankha motero mkaziyo.

Pang'ono ndi pang'ono Wynelle anaphunzira kutseka pakamwa, ndipo kenako anayamba kumangotsala kunyumba.

Wynelle atamwalira, Delbert anatsitsa makatoni onse a matepi. Za magitala analibenso nazo ntchito. Ankatchera khutu kuseri kwa nyimbo, kufunafuna mawu a mkazi wake. Koma ntchito yake anaigwira bwino zedi mkuluyu, moti kuseriko kunali zii.

Mawuwo anadzawapeza pa tepi imodzi yokha, yomwe anajambula ku Dothan. Wynelle akuyamba kuimba mwanthetemya, koma asanamalize ndi mzere womwe, pakumveka Delbert mwini wake, pafupi penipeni ndi maikolofoni: "Shh!"