Njuchi za Padenga la Amawaya

"Ndiye ukuti adzaonera ndi akunja okhaokha?" anafunsa Amawaya, maso ali pa wailesi yomwe ankawotcherera.

"Okhaokha, amalume. Kuno ndani angakhalire pansi filimu ya njuchi?"

Anali mwana wa mlongo wawo, mtsikana wongofika kumene kuchokera kunja ndi kamera, ndiponso nsapato zokwerera mapiri m'tauni yopanda ndi chulu chomwe.

Amawaya akhala akukonza mawailesi kwa zaka makumi awiri. Wailesi yakanema ikakanika, mwini wake osabweranso, amaichotsa matumbo, kuiboola kumbali, n'kuikweza padenga la shopu. Njuchi zimalowamo zokha. Pano wailesi zoterezi zilipo zisanu ndi ziwiri, zonse zolemera ndi uchi. Mwini nyumba, mayi woopa ngakhale nyerere, amadziwa kuti kumwambako kuli zinyalala basi. Atangomva zoona, angazipopere mankhwala tsiku lomwelo.

Choncho Amawaya anaika lamulo: mtsikanayo ajambule manja, zisa ndi utsi. Chikwangwani ayi, msewu ayi.

"Ndamva," anatero mtsikanayo. Anavomera msanga kwambiri, ndipo Amawaya sakhulupirira chinthu choyaka msanga.

Masiku awiri zinayenda bwino, kupatula kuwavula malaya atsopano kuti avale ong'ambika, akuti ndiwo "oona". Tsiku lachitatu masana, ali m'shopu, anamva kulira kumwamba. Njuchi zawo amazidziwa mawu, zikakhuta ndi zikakwiya. Uku kunali kulira kwa mota. Atatuluka anapeza kandege kojambulira katalendewera pamwamba pa denga, ogulitsa mumsewu onse atakweza makosi, mlamu wake wa mwini nyumba ali pomwepo.

"Iwe! Kakuona chiyani kameneko?"

"Mitambo, amalume."

"Mitambo inasamukira pansi liti? Tandionetsa."

"Batire yatha."

"Batire ine ndiye ntchito yanga. Bwera nayo."

Mtsikanayo anaseka, n'kulongedza msangamsanga. Anati zalerozo zatuluka mbuu, abweranso mawa dzuwa likamatuluka, kuwala kukakhala kokoma.

Amawaya anatseka shopu nthawi isanakwane. Pakona, kwa bambo wodula machubu akale, anasankha mphira ziwiri, n'kuzikoka kufikira kukhutu.

"Madala, legeni pa msinkhu wanuwu? Mbalame yanji?"

"Yamabatire."

Analipira, anazipinda bwinobwino m'thumba la malaya, n'kulunjika kunyumba akuyang'ana pansi, kusankha miyala.